Malamba atatu m'miyezi iwiri: Land Rover yakale ikudya fanibeluti

"Bambo makaniko, ndimakhala ku Mchengautuwa muno mu Mzuzu. Malemu bambo anga anandisiyira Land Rover ya Series IIA ya 1969, ya petulo, ndipo ndimaisamala ngati dzira. Chaka chatha dayinamo inafa, ndiye mnyamata wina wokonza magetsi a galimoto anandiikira alternator yochokera mu Toyota, n'kuwotcherera yekha bulaketi yake. Batire tsopano ikudzaza bwino, koma lamba wa fani akumalira m'mawa uliwonse, pansi pa alternator pakumadzaza fumbi lakuda, ndipo m'miyezi iwiri ndagula malamba atatu. Womalizayu anavuka ndikukwera chitunda kuchokera ku Nkhata Bay, injini n'kuwira. Anzanga ena akuti malamba a masiku ano ndi achabechabe, ena akuti ndimange kwambiri, ena akuti ndipake sopo. Kodi injini yanga yatha?"

Bambo, pepani ndi zimene zinakuonekerani pamsewu uja. Chitunda cha ku Nkhata Bay chimayesa galimoto iliyonse, chifukwa pa makilomita osakwana 50 mumachoka m'mbali mwa nyanja n'kukwera mamita oposa 700 kudzafika mu Mzuzu muno. Koma mtima ukhale m'malo. Injini ya 2.25 imene ili mu Series IIA ndi yachitsulo cholimba kuyambira pansi mpaka kumutu, ndipo kuwira kamodzi sikuipha ngati munaizimitsa msanga. Mawa m'mawa, musanailize, sololani kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, kapena madzi a mu radiator akamatsika tsiku ndi tsiku popanda podontha, kapena utsi woyera ukapitirira kutuluka injini itatentha kale, ndiye kuti gasiketi ya kumutu inapsa. Nthunzi ya m'mawa yokha isakuopseni. Ndi kuzizira kwa kuno, galimoto iliyonse imafuka ikangolira kumene. Ngati zizindikirozi palibe, injini ili bwino, ndipo vuto lanu lili kutsogolo kwake, pamene lamba akuyenda.

Ndikuganiza kuti ma pulley anu, timagudumu tangalande timene lamba amayendapo, sali pamzere umodzi. Pa injini yanuyo lamba mmodzi amazungulira ma pulley atatu: ya pansi imene ili pa crankshaft (shafiti yaikulu ya injini) ndipo ndiyo imakoka, ya pa pampu ya madzi, pomwe pali fani, ndi ya pa alternator. Lamba wamtundu umenewu anamudula ngati chilembo cha V, ndipo amagwira ndi nthiti zake ziwiri m'ngalande ya pulley. Ngalande zitatuzo zikayang'anizana bwino, lamba amalowa mowongoka n'kutuluka mowongoka, nthiti zonse zikusenza katundu mofanana. Pulley imodzi ikangotsogola kapena kupendama, lamba amalowa mokhota, nthiti imodzi imakhula pa mlomo wa chitsulo, imatentha, imanyenyeka. Fumbi lakuda limene mukuliona ndi thupi la lambayo. Ulusi wa m'kati ukayamba kuduka mbali imodzi, lamba amatembenuka m'ngalande, ndipo pa chitunda, pamene injini ikulira kwambiri pa giya yotsika, amadumphira kunja.

Kuchotsa dayinamo sikunali kulakwa. Dayinamo ya Lucas imene inkabwera ndi galimoto zimenezi inkatulutsa ma amp pafupifupi 22 basi, ndipo eni ake a Land Rover anasamukira ku alternator pamene Series III inatuluka mu 1971. Chovuta n'chakuti zipangizo ziwirizi n'zosiyana thupi. Dayinamo ndi yaitali ngati chitini, imamangidwa kutsogolo ndi kumbuyo motalikirana. Alternator ndi yaifupi ndi yonenepa, makutu ake omangirapo mabawuti ali moyandikana, ndipo pulley yake imakhala pa mtunda wina kuchokera pa khutu. Munthu akawotcherera bulaketi pongoyang'ana ndi maso, kuphonya ndi mamilimita 4 kapena 5 n'kosavuta, ndipo diso siliona kusiyana koteroko m'malo opanikizika ngati amenewo. Onjezani kuti alternator imatha kutulutsa magetsi owirikiza kawiri kapena katatu, kotero imalemera kuikoka, makamaka m'mawa pamene ikubwezera mu batire zimene sitata yangodya. N'chifukwa chake kulira kukumveka m'mawa.

Malangizo a anzanu aja ndimawamva tsiku ndi tsiku pagalaja. Kumanga lamba kwambiri kumaletsa phokoso kwa masiku angapo, koma mphamvu yonseyo imakathera pa bearing ya pampu ya madzi ndi ya alternator, ndipo posakhalitsa mudzagula zimenezo m'malo mwa lamba wotsika mtengo. Sopo, kandulo ndi mafuta a mabuleki zimangoterereketsa lamba, ndipo mafutawo amafewetsa labala. Malamba osalimba alipodi pamsika, sindikana. Koma atatu otsatizana, onse kutha m'milungu yochepa, vuto litayamba alternator itangoikidwa, amenewo akunena chinthu chimodzi.

Ngati lamba womalizayo munamusunga, mutengeni mumuyang'ane padzuwa. Nthiti imodzi ikakhala yodyeka, yonyezimira, ina ili bwinobwino, mzere ndi wolakwika. Zonse ziwiri zikanyezimira ngati galasi, anali wolobodoka kapena ankanyowa ndi oyilo. Kunsi kwake kukakhala kopalika, ndipo pansi pa ngalande ya pulley pakuwala mbee, ndiye kuti lamba ndi wowonda kwa pulley imeneyo kapena ngalandeyo inakula ndi ukalamba, moti akukhala pansi m'malo mogwira m'mbali. Palinso kuyesa kwa madzi kumene ena amachita: injini ikulira pang'onopang'ono, mwaima patali ndi fani, mufaire lamba timadzi kuchokera m'botolo loboola chitsekerero. Phokoso likakula, lamba ndi wolobodoka. Likaleka kwa kamphindi n'kubwereranso, kawirikawiri ndi mzere. Ine ndimakutenga ngati kongolozera njira, chigamulo chenicheni chimachokera pa kuyeza.

Musanagwire sipanala, zimitsani injini, chotsani kiyi, masulani waya wa negative pa batire. Fani ya galimoto zimenezi ndi yachitsulo ndipo ikamazungulira sioneka. Malaya a manja aatali ndi sikafu ya m'nyengo yozizira zikhale kutali nayo.

Masulani alternator, chotsani lamba, ndipo yambani ndi pulley ya pansi. Imeneyo ndiye mfumu, zinazo zimatsata iyo, chifukwa siisuntha. Igwireni ndi manja awiri muigwedeze. Siyenera kusewera n'komwe. Pa Land Rover yanu imamangidwa ndi chibawuti chachikulu chamano, pamene handulo yolizira injini imakola, ndipo m'kati muli kakiyi kachitsulo koiletsa kuterereka pa shafiti. Chibawuticho chikamasuka, kakiyi kamadya malo ake, pulley imayamba kuvina, ndipo poti khosi lake limazungulira m'kati mwa silo yotseka kuti oyilo asatuluke, mudzapeza kutsogolo kwa injini kuli nonono, oyilo akudonthera pa lamba. Kenako pemphani munthu aponde kilatchi inu mukuyang'anitsitsa pulley yomweyo. Pa injini imeneyi crankshaft imaloledwa kusuntha chamtsogolo ndi chambuyo osapitirira mamilimita 0.15, kumene diso silingaone. Mukaiona ikutuluka poyera kilatchi ikapondedwa, ndiye kuti ma thrust washer, mawashala a m'kati oletsa crankshaft kusuntha chotero, anatha, ndipo mzere wa lamba ukusintha nthawi iliyonse mukusintha giya. Imeneyo si ntchito ya pakhomo; imafuna kutsitsa sampu, chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini, ndipo musaichedwetse.

Pa pampu ya madzi, gwirani nsonga ziwiri za fani zoyang'anizana mugwedeze. Ikamagwedera, kapena pansi pake pakakhala mkwasa wa dzimbiri la madzi, bearing yapita, ndipo pulley imapendama lamba akangokokedwa. Zunguzani fani ndi dzanja, choko mutachigwira chilili pafupi ndi mlomo wa pulley. Choko chikalemba mbali imodzi yokha, pulley inapindika, mwina wina anaitema ndi chitsulo pochotsa lamba. Ma pulley a chitsulo chopyapyala sachedwa kupindika ndipo kuwawongola ndi hamala sikutheka bwino. Yang'ananinso mapiko a fani pafupi ndi mabawuti ngati alibe ming'alu; fani ya zaka zoposa 50 ikhoza kuthyoka phiko n'kuboola radiator. Ngati pampu inasinthidwapo, dziwani kuti mutu umene pulley imakhalapo amachita kuukanikizira pa shafiti, ndipo mapampu ogula sakhala onse ndi mutu pa msinkhu wofanana. Mukamagula ina, imikani yakale ndi yatsopano patebulo muyerekeze kutalika musanamange.

Tsopano kuyeza. Apa ndi pamene ntchito yonse yagona, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pezani chitsulo chowongoka cha masentimita 40 kapena 50: rula yachitsulo, kapena chidutswa cha aluminiyamu wa felemu ya windo. Chiyeseni pa galasi kaye, chigone chonse popanda kuwala kudutsa pansi. Ngati fani ikutchinga, ichotseni, koma bwezerani mabawuti ake kuti pulley ya pampu ikhale yomangika pamalo pake. Gonekani chitsulocho pa nkhope ya pulley ya pansi, chikhudze milomo iwiri, ya uku ndi ya uko, nsonga yake ifike pa pulley ya alternator. Chikakhudza malo anayi, awiri pa pulley iliyonse, zinthu zili pafupi kukhala bwino. Chikasiya mpata wofanana mbali zonse ziwiri za pulley ya alternator, ndiye kuti alternator yangotsalira m'mbuyo koma yaima mowongoka. Chikakhudza mbali imodzi n'kusiya mpata mbali ina, yapendama. Ikakhala kuti yatsogola, chitsulo chidzakana kugona pa pulley ya pansi; pamenepo chigonekeni pa ya alternator muyeze mpata umene watsala pansipo. Kawirikawiri pa bulaketi yowotcherera pamanja mumapeza zonse ziwiri, kutsogola ndi kupendama.

Pali msampha umodzi umene umagwira ngakhale amakaniko ozolowera. Milomo ya ma pulley siikhala yokhuthala mofanana. Ya Land Rover ndi ya Toyota zinapangidwa m'mafakitale osiyana, ndiye nkhope zikhoza kufanana pamene ngalande zikusemphana. Chofunika ndi pakati pa ngalande. Yezani kuchokera pa chitsulo chanu kufika pakati pa ngalande ya pulley iliyonse, manambalawo afanane. Njira imene ine ndimaikonda ndi ya kandodo kachitsulo kobulungira, kowongoka, konenepa ngati pensulo. Kagonekeni m'ngalande ya pulley ya pansi, kakhazikike bwino, ndiye muone kumene nsonga yake ikuloza. Iyenera kugwera yokha pakati pa ngalande ya alternator. Tembenuzani, kakhazikeni m'ngalande ya alternator kaloze pansi. Kakagwera pakati kuchokera mbali zonse ziwiri, mzere ulipo. Kakagwera pakati kuchokera mbali imodzi yokha, pulley inayo yapendama. Chitani chimodzimodzi pakati pa pulley ya pansi ndi ya pampu, komanso pakati pa pampu ndi alternator. Zunguzani ma pulley pang'ono muyezenso, kuti pulley yopindika isakunamizeni.

Opanga malamba amalangiza kuti lamba wa V asakhote kupitirira theka la digiri, komwe ndi pafupifupi mamilimita 2 ndi theka pa masentimita 30 alionse. Pa galimoto ine ndimafuna zochepera pamenepo, milimita imodzi, chifukwa ma pulley ali moyandikana ndipo injini ikamagwedezeka pa msewu wa mabampu ngati wa ku Nyika, kusiyanako kumawonjezekera.

Mukapeza kuti alternator yangotsogola kapena kutsalira, isunthireni pa bawuti yake yaitali. Mbali imodzi mumachepetsa chitsulo cha bulaketi, mbali ina mumaonjezera mulingo womwewo. Washala imodzi kapena ziwiri zachitsulo cholimba n'zololeka. Mulu wa mawashala asanu ayi, chifukwa amaphwatalala, amasewera, ndipo pakatha mwezi bawuti yamasuka. Kuposa mamilimita 3, pitani kwa a makina a lathe, ku Luwinga alipo, akudulireni kapaipi kokhuthala ka mulingo weniweni, nkhope zake zili zosalala. Samalani ndi makutu a alternator, ndi aluminiyamu. Pakati pa makutu awiriwo ndi bulaketi pasatsale mpata musanamange. Alternator zina zili ndi kapaipi kotsetsereka m'khutu lakumbuyo kotseka mpatawo. Zopanda kapaipiko, mukamanga bawuti pali mpata, mumakoka khutu mpaka lithyoke. Ena amaika washala kuseri kwa pulley yeniyeniyo. Milimita imodzi kapena ziwiri zimatheka, bola nati igwire mazinga ake onse ndipo kafani ka alternator kasakhule thupi.

Kupendama ndiye kumafuna kufufuza. Yambani ndi bawuti. Galimoto yanu ndi ya miyezo ya mainchi, alternator ndi ya mamilimita. Ngati bowo la alternator ndi la mamilimita 10 koma munadutsa bawuti yakale ya dayinamo ya 5/16 ya inchi, imene ndi pafupifupi mamilimita 8, alternator idzagwadira kumene lamba akukokera ngakhale mumange bwanji. Mabowo a bulaketi akhozanso kukhala atakula ngati dzira. Onani kachitsulo ka pamwamba kokokera lamba: kayenera kugona pa khutu la alternator kokha, popanda kukakamiza. Ngati mumachita kukapinda kuti bawuti ilowe, kakupotoza alternator yonse, ndipo pamafunika kapaipi kakafupi pakati.

Ndinalandirapo pikapu ya Datsun yochokera cha ku Ekwendeni imene inanditayitsa tsiku lathunthu. Lamba atachotsedwa, mzere unali wabwino kwambiri. Tikamanga, pakapita mlungu mwini wake wabwerera ndi lamba wonyenyeka. Nditayeza lamba ali womangika, ndinapeza alternator yaweramira m'kati. Bulaketi inali ndi mng'alu pansi pa litsiro la oyilo, umene unkatseguka pokhapokha lamba akakoka. Kuyambira pamenepo ndimatsuka bulaketi ndi palafini ndisanaiweruze, ndipo ndimayeza kawiri, lamba atachoka ndiponso atamangidwa. Inunso teroni. Bulaketi ya chitsulo chopyapyala imachita zomwezi ngakhale ilibe mng'alu, imangopindika ngati tsamba.

Kunena zoona, pa galimoto yanu ndikuyembekeza kuti bulaketiyo ifuna kupangidwanso. Ngati mungapeze bulaketi yeniyeni ya Series III pa galimoto yophwasulidwa, pamodzi ndi alternator ya mtundu wa Lucas yoyenerana nayo, imeneyo ndiyo njira yaukhondo, poti injini ndi yomweyo ya 2.25. Ngati mukusunga ya Toyota, zimene sizolakwika, wowotcherera agwiritse chitsulo chokhuthala mamilimita 6 kapena kuposa, aike kachitsulo kochirikiza pangodya, ndipo asamalize ulendo umodzi. Adonthezere timadontho togwirizira, amange pa injini, muyeze, akonze, kenako awotcherere zonse kunja kwa galimoto. Moto umakoka chitsulo, ndiye ikazizira muyezenso. Asawotcherere alternator ili pomwepo kapena batire ili yolumikiza, chifukwa ma diode a m'kati amapsa. Ndipo wina asakuuzeni kuti aiwongola ndi hamala ili pa injini. Mabawuti amene akulandira nkhonyazo alowa mu buloko ya injini, yachitsulo chimene chimatha kusweka chikamenyedwa.

Lamba watsopano mumugule mzere utakonzeka, chifukwa kutalika kungasinthe. Malamba a fani ambiri ndi a mamilimita pafupifupi 10 kapena 13 m'lifupi, ndipo ma pulley onse atatu ayenera kukhala a lamba mmodzimodzi. Ngati pulley inabwera ndi alternator ili ndi ngalande yotakata kuposa zinzake, isintheni. Lamba woyenera amakhala molingana ndi milomo ya pulley kapena kutumphukira pang'ono. Tengani nambala yolembedwa pa lamba amene wakwana bwino muilembe m'kabuku ka m'galimoto. Musamulowetse pomutema ndi sikuludiraiva, ulusi wa m'kati umaduka asanayambe ntchito. Kankhirani alternator m'kati kuti alowe yekha. Tsukani ngalande, chotsani dzimbiri ndi sandipepa wosalala. Pokoka alternator gwiritsani mtengo, muutsamiritse pafupi ndi khutu lakutsogolo. Mukadina ndi chala chachikulu pakati pa mbali yaitali, lamba alowe pafupifupi sentimita imodzi. Lizani injini mphindi 15, zimitsani, yezaninso, ndipo mubwerezenso pakatha mlungu, popeza lamba watsopano amakhazikika m'ngalande n'kulobodoka pang'ono.

Kuyeza, kusintha bawuti ndi kuika washala mungathe nokha Loweruka masana. Pitani kwa makaniko wodziwa galimoto zakale ngati pulley ya pansi ikuvina kapena ikusuntha ndi kilatchi, ngati silo ya kutsogolo ikutaya oyilo, ngati mutu wa pampu ukufuna kusunthidwa, zimene zimachitika pa puresi osati ndi hamala, kapena ngati mwaona chimodzi mwa zizindikiro za gasiketi zija. Mukapita, pemphani kuti ayeze inu mukuona, akusonyezeni kandodo kakugwera pakati pa ngalande. Pomwepo wa magetsi aonenso ngati waya wochoka pa alternator kupita ku batire ndi wonenepa mokwanira, poti wakale anapangidwira dayinamo.

Mzere usanakonzedwe, galimotoyo isapitirire maulendo a m'tauni. Ku Chikangawa kapena ku Chiweta idikire kaye. Ikakonzeka, pansi pa mpando pazikhala lamba wapadera, masipanala okwana pa mabawuti a alternator, ndi chigubu cha madzi. Nyali yofiira ya batire ikayaka mukuyenda, imani pomwepo mutsegule boneti, chifukwa pa injini imeneyi lamba akavuka, pampu ya madzi ndi fani zaima nthawi yomweyo. Musatsegule chitsekerero cha radiator ili yotentha, ndipo musathire madzi ozizira m'injini yowira. Idikireni mpaka mutatha kuyika dzanja pamwamba pa radiator osapsa, ndiye muonjezere madzi pang'onopang'ono.